Adzukulu Anakhala Pansi

Dzuwa linali litasuzumira kale pamwamba pa mapiri a ku Ntchisi, koma kumanda sikunamveke khasu. Tsiku loika maliro, piki imayamba kulira nkhuku zisanatsike mumtengo, ndipo mudzi wonse umamva. Tsikuli kunali zii. Amayi amene anachezera m'nyumba ya siwa anayamba kuyang'anizana. Wina ankayambitsa nyimbo, nyimboyo n'kuzilala isanafike pakati.

Gideoni anali pakhonde, msana atatsamira khoma. Mkati mwa nyumbamo munagona mlongo wake Rute, yemwe matenda a shuga anamutenga dzulo lake masana. Unali mwezi wa Okutobala. Nyenje zinali zitayamba kale kulira m'mitengo, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi kutentha kotero thupi silingagonenso.

Atsibweni ake, a Eliya, mwini mbumba, anatulukira njira ya kumanda chipewa chili m'manja. Sanakhale pansi. Anangomukodola n'kupita naye kuseri kwa chigafa cha fodya.

"Adzukulu akhala pansi," anatero a Eliya.

"Chakudya sichinapite?"

"Chapita, chabwerera chosavundukula. Bango loyezera bokosi alibweza. Ndagwada ine, mphwanga, ndi imvi zangazi. Akuti alibe nane mawu. Akufuna iwe."

Gideoni sanafunse chifukwa. Ankachidziwa.

Ntchito yake inali ku Zambia, koma iye ku Zambiako anali asanapondeko phazi. Kampani ina ya ku Lusaka yogulitsa nyali ndi mawailesi a sola inkafuna anthu oyankha mafoni a makasitomala a ku Chipata, Katete ndi Petauke, omwe chiyankhulo chawo sichitalikirana ndi chathu. Anaipeza pa intaneti chaka chimene amayi ake anamwalira, iye atasiya koleji ku Lilongwe poti wolipira fizi panalibenso. M'mudzimo netiweki munalibe. Inkagwira bwino pathanthwe la paphiri kuseri kwa mudzi, pomwe nsanja ya mafoni ya ku Dowa Boma imaoneka patali ngati singano. Pamenepo anamangapo kachisakasa ka udzu, n'kumakwera m'mawa uliwonse ndi laputopu, batire ndi mahedifoni. Pakona pa sikirini panali kadontho. Kakakhala kobiriwira ndiye kuti munthu ali pantchito. Akangochoka kankasanduka kachikasu, ndipo ku Lusaka ankaona.

Malipiro akewo ndiwo ankakweza Rute minibasi ya ku Lilongwe, ndiwo ankagula mankhwala akasowa. Mwamuna wa Rute anapita ku Joni n'kutchona, kusiya mkazi wodwala ndi kamtsikana, Faith. Masiku amene thupi lalola, Rute ankakwera phirilo pang'onopang'ono ndi mbatata yophika m'kabakuli, n'kukhala kunja kwa chisakasa kumasenda mtedza. Mawu otsanzikira makasitomala anawaloweza, ndipo Gideoni akamawanena, iye ankawatsatira ndi milomo yokha, nkhope ataiumitsa ngati wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema, mpaka mlongo wakeyo kutembenukira kumbali kuti asaseke.

Kampaniyo inali ndi lamulo lake la maliro. Bambo, mayi, mkazi, mwana, m'bale wobadwa naye: amenewa munthu ankaloledwa kukaika. Ena onse ayi. Tsiku lina Gideoni anayesapo kupempha kuti akaike maliro ena a m'mudzimo. Woyang'anira gulu lake, mayi Eleanor, anafunsa kuti, "Ndi ndani wanu?"

"Ndi munthu wa m'mudzi mwathu."

Mayiyo anapumira m'mwamba. "Ba Gideon, inenso ndine wakumudzi, kwathu ndi ku Petauke. Ndikudziwa. Koma kompyuta siidziwa."

Chiyambire pamenepo, kukagwa zovuta m'mudzi, Gideoni ankapatsira atsibweni ake chipepeso, iye n'kulambalala kuseri kwa nyumba za anthu kulowera kuphiri.

Manda anali m'kankhalango ka misuku m'munsi mwa phiri lomwelo. Adzukulu anakhala pamthunzi, miyendo atatambasula, makasu ndi mapiki atawaunjika pamodzi ngati nkhuni. Woyamba kumuona anali Fatsani, mkulu wa nthabwala yemwe pamaliro alionse sasowa choseketsa anzake.

"Ee, afika a Lusaka! Anyamata, mpando, mpando! Mwayenda bwanji, bwana? Pa boda pa Mchinji sanakuvuteni?"

"Awa savutidwa," anatero wina. "Amadutsa mumlengalenga."

Fatsani anathyola masamba awiri a msuku, n'kuwaphimba kumakutu, n'kukweza mawu ngati mtsikana wa kubanki. "Zikomo kwambiri poimba foni, bambo! Tsiku lanu likhale lowala!"

Anyamata anafa nacho chiseko. Mmodzi yekha sanaseke. Anali Vinsenti, mtsogoleri wa adzukulu, yemwe anakulira limodzi ndi Gideoni, kuweta mbuzi limodzi paphiri lomweli, kukhala benchi imodzi mpaka Sitandade 8. Anadikira kuti phokoso lithe.

"Gide, wabwera."

"Ndabwera, Vinse. Achemwali ali m'nyumba. Dzuwa ukuliona."

"Ndikuliona." Vinsenti analoza ndi chibwano mtumbira wina womera udzu. "Amayi ako tinawakumbira paja. Pansi pake tinapeza mwala. Tinausonkhera moto, kuuthira madzi, kuuswa chidutswachidutswa mpaka manja kutuluka magazi. Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Chichokereni tsiku limenelo, khasu lako taliona liti kuno?"

"Chipepeso ndakhala ndikutumiza."

"Chipepeso chimakumba?" anafunsa Fatsani. "Tiuzeni, bwana, tichiike apa tione ngati dothi liyambe kuuluka."

Panalibenso woseka. Vinsenti anayang'ana pansi, n'kumazula udzu ndi zala.

"Zonsezo tikanakhululuka," anatero. "Anthu amachoka, amapita ku esiteti, amapita ku Joni. Amenewo sitiwawerengera, kulibeko. Koma iwe ulipo. Tsiku loika mwana wanga Chisangalalo tinadzera njira iyi ya m'munsi mwa thanthwe lako. Kabokosi kake ndinanyamula ndekha, kanali kopepuka. Mayi ake atakomoka, nyimbo inaima. Mukudziwa chimene tinamva, anyamata?"

Anyamatawo ankadziwa.

"Tinamva kuseka. Ndinakweza maso. Unali utaima pakhomo pa chisakasa chako, ukutiyang'ana, ukuseka. Chipewa chili kumutu."

Gideoni analikumbuka tsikulo kuposa Vinsenti. Pafoni panali mkulu wina wa ku Katete yemwe ankadandaula kuti chigulireni nyali ya sola, tambala wake wasokonezeka mutu, akulira pakati pa usiku, ndiye kampani imugulire tambala wina. Mafoni onse ankajambulidwa, ndipo kumapeto kwa sabata munthu ankapatsidwa malikisi a chisangalalo cha m'mawu ake. Ataona anthu akubwera m'munsi anaimirira, poti maliro samudutsa munthu ali chikhalire. Anafuna kuvula chipewa, koma mahedifoni anali pamwamba pa chipewacho. Mkulu uja anafika pachimake pa nthabwala yake, ndipo pakamwa pa Gideoni panachita zimene panaphunzitsidwa. Madzulo ake anafika mpaka pampanda wa kwa Vinsenti, n'kubwerera. Mawa lake anati apita mkuja. Kenako miyezi inadutsa.

Zonsezi akanatha kuzinena. Anaziyesa m'kamwa, n'kumva kuti ndi mawu a mahedifoni ndi malikisi, oti sangaimirire pafupi ndi kabokosi kopepuka kaja.

"Ndinalakwa," anatero.

"Wamva, Fatsani? Akuti analakwa."

"Ndamva. Kulakwa nakonso sikukumba."

M'thumba mwa Gideoni foni inanjenjemera. Kumandako, poti ndi m'mbali mwa phiri, netiweki imabwera ndi mphepo n'kupita ndi mphepo. Anaisuzumira. Anali mayi Eleanor, kuyankha uthenga umene anawatumizira dzulo: pepani kwambiri, mlongo ali m'gulu la achibale ololedwa, mupume bwino, tionana Lolemba. Anabweza foniyo m'thumba. Maso onse anali pa dzanja lakelo.

Pafupi ndi mtumbira wa amayi ake panali malo amene a Eliya anasonyeza m'mamawa, olembedwa ndi mzere wa phazi. Gideoni anapita pamulu wa zida, natola piki.

"Iwe!" anakuwa a Eliya, omwe ankamutsatira chapatali. "Namfedwa sakumba manda a m'bale wake! Ukufuna kutilaulira?"

"Nanga akumbe ndani, atsibweni?"

Anaikweza piki n'kuitsitsa. Katondo wa mu Okutobala anaibweza ngati yagunda chitsulo, ndipo kunjenjemera kwake kunamufika m'mano. Anamenyanso. Panatuluka kafumbi kofiira ndi kachibuma kosakwana m'dzanja. Adzukulu anangoyang'ana. Manja ake anali a pa laputopu, ofewa ngati a mwana; posakhalitsa anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, mpini n'kuyamba kuterera. Anavula malaya n'kukulunga m'manja. Dzuwa linakwera. Kuchokera kumudzi kunkamveka kulira kwa amayi, kenako nyimbo, kenako kulira. Liwu lina laling'ono linkatulukira pamwamba pa onse, ndipo iye analizindikira. Anali Faith.

Dzuwa likuyandikira paliwombo, dzenjelo linali lisanamufike m'mawondo. Anawerama, manja pamawondo, maso akuchita chidima. Mphepo yotentha inkachokera kumudzi, ndipo iye anaganiza za nyumba ija ya malata, mazenera otseka, anthu odzaza, ndi Rute atagona pakati pawo. Rute yemwe ngakhale pa bedi la kuchipatala ankapempha sopo wonunkhira kuti anamwino asamuipidwe.

Mthunzi unagwera m'dzenjemo. Vinsenti ananjuta m'mphepete.

"Rute sanatilakwire," anatero chapansipansi. "Pa maliro a mwana wanga anatunga madzi mpaka kugwa nacho chidebe. Mtima ukundiwawa ine kuposa mmene ukuganizira."

"Ndiye kumbani, Vinse. Chifukwa cha iye."

"Tikumba. Koma unene pano, anthu onsewa akumva, pamaso pa amayi ako agona apawa. Kuyambira lero, kukagwa zovuta m'mudzi muno, kaya ndi khanda kaya ndi nkhalamba, kaya ndi Lolemba kaya ndi Lachisanu, khasu lako lizifika kuno limodzi ndi athu, ndipo uzichoka tikakwirira."

Gideoni anapukuta nkhope ndi malaya a magazi aja.

"Ndikanena zimenezo ntchito yatha. Sandilola. Mwina kamodzi, kawiri ayi."

"Ndiye ithe."

"Faith wanditsalira ine. Atsibweni ake ndine. Adya chiyani? Sukulu apita bwanji?"

"Adya zimene akudya ana athu," anatero Vinsenti. "Ukuona ngati ife tilibe zotidikira? Sabata ya maliro a amayi ako, fodya wanga anapsera m'munda wosathyola. Sindinakuuze. Sindinkayenera kukuuza."

Fodya samuchotsa munthu ntchito, anaganiza Gideoni. Chaka chamawa umamubzalanso. Anayang'ana kuphiri, kumene kachisakasa kake kankaoneka kakang'ono pakati pa miyala. Anayang'ana kumudzi. Kuchoka sakanatha, poti mwana wa mlongo wake sakanamunyamula kupita naye kukagona m'kachipinda ka lendi ku Lilongwe, kusiya munda ndi nyumba ya mayi ake. Kukana sakanatha, poti dzuwa linali pamutu. Liwu la Faith linamvekanso, litasasa.

"Ndanena," anatero.

"Sitinamve," anatero Fatsani.

Gideoni anaongoka m'dzenje muja. "Kukagwa zovuta m'mudzi muno, khasu langa lizifika kuno. Ndizichoka mukakwirira."

Vinsenti anaimirira n'kusasa fumbi kumatako. Anyamata anali atayamba kale kusankha zida pamulu paja. Fatsani anatambasula dzanja n'kumukoka Gideoni kumutulutsa.

"Tulukani, bwana, namfedwa sakumba. Taonani zimene mwachitazi. Manda opindika ngati nthochi! Mumafuna achemwali anu agone chokhota?" Kenako anagwira manja a Gideoni, kuwatembenuza, kuyang'ana zikhato zosupukazo. Nthabwala inamuthera. "Pita ukasambe m'madzi a mchere. Uuze amayi abweze chakudya chija."

Rute anaikidwa dzuwa litapendeka, mithunzi ya misuku itatalika. Dothi loyamba litagunda bokosi, Faith anabisa nkhope m'mimba mwa atsibweni ake, Gideoni, ndipo iye anamugwira ndi mikono yokha, poti zikhato zinali zomanga nsanza.

Lolemba Gideoni anakwera phiri. Kadontho kanabiriwira. Anthu a ku Chipata anali ndi mabatire osagwira moto, a ku Petauke mawailesi osokosera, ndipo onse anawafunira tsiku lowala. Kunja kwa chisakasa kunali makoko a mtedza amene mphepo inali isanachotse. Sanawasese.

Koma tsopano maso ake sankakhazikika pa sikirini. Kuchokera pathanthwepo mudzi wonse umaoneka, ndipo iye anayamba kuulondera ngati kabawi. Amayi atatu akalowera nyumba imodzi mothamanga, mtima unkamugunda. Mwana akalira mopitiriza, ankatsitsa hedifoni imodzi kumvetsera. Anadziwa amene akutsokomola, amene ali ndi pakati, amene mwendo watupa. Panali mkulu wina, a Godwin, amene anagwira utenanti m'maesiteti a fodya moyo wawo wonse n'kubwerako ndi chifuwa chokha. Gideoni anayamba kudzera kwawo madzulo alionse, tsiku lina ndi shuga, tsiku lina ndi mankhwala a chifuwa.

"Mwaswera bwanji, agogo? Chifuwa chija?"

"Chikundisunga, mdzukulu wanga. Koma iwe ndiwe mwana wabwino. Ana anga enieni sabwera chonchi."

Gideoni ankatuluka m'nyumbamo nkhope ikuyaka. Ankawapempherera a Godwin moyo wautali usiku ndi usana, ndipo ankadziwa chimene chinkamupempheretsa.

Mvula yoyamba itagwa, kunamwalira khanda la kumpoto kwa mudzi. Anapita ndi khasu lake. Kwa mayi Eleanor ananama kuti mphezi yagwetsa netiweki. Mayiyo anamvetsera mpaka amalize.

"Ba Gideon, ndalemba kuti netiweki. Koma sindine mwana. Kadontho kanu kakadzazimanso tsiku lathunthu, sindidzakhala ndi cholemba. Pali anthu ambiri akudikira mpando wanuwo. Mwandimva?"

"Ndamva, mayi."

"Mwana wa mlongo wanu ali bwanji?"

"Ali bwino. Wayambanso sukulu."

"Mumusamale," anatero mayiyo, ndipo foni inaduka.

Chimanga chili m'mawondo, m'mawa wina wa nkhungu, Gideoni anali atangoyatsa laputopu pamene anaona anyamata awiri akukoka nthambi zaziwisi kukaziyala pamsewu wa ku Chezi, imodzi kumtunda, ina kumunsi. Munthu wa njinga amene ankadutsa anatsika n'kuyamba kuikankha. Kenako kulira kunakwera phiri. Kunkachokera kwa a Godwin.

Manja a Gideoni anali pa laputopu. Kadontho kanali kobiriwira. Pa sikirini panaoneka kuti foni yoyamba ya tsikulo ikubwera, ya ku Katete. M'munsi, Faith anatuluka m'nyumba ndi yunifolomu imene anamugulira mwezi watha, anaima, anamvetsera kulirako, n'kubwerera kukavula, poti tsiku la zovuta mwana sapita kusukulu. Patsogolo pake pang'ono, Vinsenti ankadutsa ndi piki paphewa. Atafika m'munsi mwa thanthwe sanakweze maso. Anangochepetsa liwiro.

Gideoni analembera mayi Eleanor uthenga: m'mudzi mwathu mwagwa maliro. Yankho linabwera nthawi yomweyo.

"Ndi ndani wanu?"

Anayang'ana funsolo kwa kanthawi. Analemba kuti agogo anga, n'kufufuta, poti agogo m'lamulo muja munalibe. Analemba kuti bambo anga aang'ono, n'kufufutanso. Mapeto ake analemba kuti, "Ndi munthu wa m'mudzi mwathu," natumiza. Anavula mahedifoni, anavula chipewa, natseka laputopu.

Kumanda dothi linali lofewa ndi mvula, lomata kumakasu. Fatsani atamuona anatsegula pakamwa kuti anene za boda ya Mchinji, koma atayang'ana nkhope yake anangomupatsa fosholo. Ankalowa m'dzenje mosinthana, awiriawiri. Foni inkanjenjemera m'thumba mwa Gideoni, kusiya, kuyambanso. Aliyense ankaimva.

Nthawi yake yolowanso itakwana, dzenje linali litapitirira mutu wa munthu. Anatsikira pamapewa a mnzake. Pansipo panali pozizira, ponunkhira mizu yoduka. Foni inanjenjemera kamodzi, mofooka, kenako inaleka, poti kumeneko netiweki siifika. Anadikira kuti iyambenso. Siinayambe.

Anakweza maso. Kumwamba kunatsala kachigamba kotuwa, ndipo m'mphepete mwake munali nkhope ya Vinsenti, akumutsitsira chidebe chotulutsira dothi.

"Ukatopa unene, Gide."

Gideoni analandira chidebecho, nawerama, nayamba kudzazamo dothi.